Makina abwino, amisiri a phuma: zaka ziwiri ndi heat pump ku Area 47

Ndili ndi kaloji ka zipinda zisanu ndi chimodzi ku Area 47, kamene ndinatsegula nditapuma ntchito ku Capital Hill. Alendo anga ambiri ndi aja obwera ku misonkhano ya mabungwe, ogona masiku atatu n'kunyamula alawansi yawo ulendo wa kwawo. Anthu amenewa savuta pa zambiri. Dzira likapserera amadya, intaneti ikavuta amangoseka n'kuyatsa ya pafoni pawo. Koma mlendo amene wadzipaka kale sopo m'mawa wa Julayi, n'kutsegula shawa kutuluka madzi ngati a mufiriji, ameneyo sabweranso, ndipo pofika nthawi ya tiyi amakhala atauza anzake onse a pamsonkhanopo. Choncho nkhani ya madzi otentha kwa ine ndi nkhani ya ndiwo za panyumba panga.

Ndikulemba za heat pump yotenthetsa madzi osamba imene kampani ina ya muno mu Lilongwe inandiyikira kumapeto kwa 2023. Yadutsa m'nyengo zozizira ziwiri tsopano, ndiye mtima unakhala pansi, ndikhoza kunena zabwino zake ndi zoipa zomwe. Dzina la kampaniyo sinditchula. Ena mwa anyamata amene anandilakwira anachokako kale, ndipo sindikufuna kuwotcha nyumba chifukwa cha khoswe.

Poyamba ndinali ndi magiza awiri a malita 150, iliyonse ndi elementi yake ya 3 kW. Zilombo zimenezo zinkadya mayunitsi ngati mbuzi yolowa m'dimba. Ndikagula mayunitsi Lolemba, pofika Lachisanu mita yayamba kale kulira. Kenako kunabwera chaka cha 2022. Mphepo ya Ana itawononga Kapichira mu Januwale, dziko linataya magetsi pafupifupi mamegawati 130, ndipo aliyense wa mu Lilongwe akukumbukira momwe tinkakhalira mumdima. Magetsi ankabwera pakati pausiku, n'kuchoka magiza asanatenthe n'komwe. Ine ndi mlonda wathu, bambo wachikulire wa ku Mitundu, tinkadzuka folo koloko kuyatsa mbaula zitatu kuseri, kutereka masefuliya, n'kumagogoda pazitseko ndi zidebe. Mlendo walipira mtengo wa loji koma akusamba ndi kakapu ngati ali kwa agogo ake. Makala nawo, aja ochokera mbali ya Dzalanyama, thumba linkakwera mwezi ndi mwezi.

Maganizo a heat pump anandipatsa ndi mlongo wanga wamng'ono, namwino ku Rochester m'chigawo cha New York. Tsiku lina ndikumudandaulira pa WhatsApp, iye anangoti, "Achemwali, bwanji osangokumba pansi ngati ndachitira ine?" Ndinkayesa akunena chitsime. Ayi ndithu, iye anali atangochotsa makina akale otenthetsa nyumba ndi mafuta, n'kuyikitsa zimene kwawoko amati geothermal heat pump.

Anandionetsa pa vidiyo, pabwalo pake pali matope okhaokha ngati padutsa ng'ombe. Anaboola dzenje lakuya ngati la mjigo, n'kutsitsiramo mapaipi a pulasitiki momwe mumayenda madzi osakaniza ndi mankhwala oletsa kuundana. Nzeru yake ndi yakuti kwawoko kukazizira mpweya umatsika pansi pa zero, koma mamita angapo pansi pa nthaka kumakhala madigiri pafupifupi 10 chaka chonse. Madzi aja akazungulira pansipo amabwera ndi kakutentha kochepa, ndiye kompresa, yofanana ndi ya firiji koma yogwira mobwerera m'mbuyo, imakasonkhanitsa n'kukakweza mpaka nyumba yonse kufunda. Kukatentha makina omwewo amatembenuka, kutulutsa kutentha m'nyumba n'kukakutaya pansi. Sapanga kutentha ngati elementi, amangokusamutsa, n'chifukwa chake yuniti imodzi ya magetsi imabala kutentha kwa mayunitsi atatu kapena anayi.

Chomwe chinandikoka khutu kwambiri ndi nkhani ya msonkho. Ntchito yonseyo inamudyera ndalama pafupifupi $30,000, zoti ine ndikanangokomoka. Koma boma lalikulu la ku Washington, pa lamulo la Inflation Reduction Act limene Joe Biden anasainira mu Ogasiti 2022, linkachotsera munthu 30 peresenti ya mtengowo pa msonkho wake, pongodzaza fomu ya msonkho yotchedwa Form 5695. Pamwamba pa izo, chigawo cha New York chili ndi yakeyake, imene inayamba mu 2022: 25 peresenti, koma panthawiyo osapitirira $5,000. Mukawerengera, mlongo wangayo anapulumutsa $9,000 uku ndi $5,000 uku. Sikuti amakupatsa ndalama m'manja ayi. Amangochotsa pa msonkho umene unayenera kulipira, ndipo msonkho wako wa chaka chimenecho ukakhala wochepa, yotsalayo imadikira chaka chotsatira. Zigawo nazo zimasiyana: South Carolina nayo ili ndi ya 25 peresenti, pomwe zina zilibe ndi kalikonse komwe. Ya ku Washington ija inafa ndi lamulo limene Donald Trump anasainira pa 4 Julayi 2025, moti oyika makinawa pambuyo pa 31 Disembala 2025 angodalira za zigawo zawo. Mlongo wanga amadzitama kuti anakwera basi isanadzadze.

Sungani mfundo imodzi pa zonsezi, chifukwa ndibwereranso: kumeneko ndalama yochotseredwayo imabwera m'dzina la mwini nyumba. Iye ndi amene amasunga lisiti, amasunga pepala losonyeza kuti makinawo ali ndi chizindikiro cha Energy Star cha zipangizo zosamala magetsi, n'kukadzipemphera yekha.

Ine ndiye ndinanyamuka ndi mawu oti geothermal pakamwa, kuzungulira nawo mashopu a mu Malangalanga mpaka ku Kanengo. Mmwenye wina anandiyang'ana n'kundilozera majenereta. Mnyamata wina wophunzira ndithu anati, "Amayi, zimenezo ndi za ku Chiweta kapena ku Nkhotakota, kuja kumatuluka madzi otentha pansi." Sanalakwe kwenikweni. Dziko lathu lili mu chigwa chija chong'ambika, ndipo akasupe a madzi otentha alipodi, ine ndomwe ndinasambapo ku Mawira ndili mtsikana. Koma zimenezo ndi zina, ndi moto wa pansi pa dziko, pomwe za mlongo wangazo zimatheka ngakhale panthaka wamba. Wina woboola mijigo anandipatsa mtengo wa dzenje lokha, osafunsa kuti ndikufuna kutsitsiramo chiyani.

Amene anandichotsa m'tchire ndi abambo ena a kumpingo kwathu, injiniya wopuma. Tinakhala pakhonde la tchalitchi mapemphero atatha, iwo n'kumajambula ndi kamtengo pansi. Anandifunsa kuti, "Mayi, ku Lilongwe kuno madzi anaundanapo m'chidebe panja?" Ndinati ayi. "Nanga mukufuna kukumbiranji?" Anafotokoza kuti a ku New York amathawira pansi chifukwa mpweya wawo m'nyengo yozizira ulibe kutentha koti n'kutapa. Ife kuno, ngakhale m'mawa wa Juni utsike pansi pa madigiri 10, masana dzuwa likatuluka timadutsa 20. Mpweya wathu wa masana a m'nyengo yozizira ndi wofunda kuposa nthaka imene mlongo wanga analipirira madola zikwizikwi kuti aifikire. Ndiponso ife sititenthetsa nyumba, juzi ndi bulangete zimakwana, chofunika ndi madzi osamba basi. Ndiye anati ndifunefune heat pump yotapa kutentha mumpweya. Kompresa yomweyo, nzeru yomweyo, popanda dzenje.

Kampani imene ndinaipeza imagulitsa kwambiri mapanelo ndi mabatire, heat pump inali ngati yongowonjezera. Ulendo woyamba anandisangalatsa, ndisabise. Kunabwera bwana wogulitsa ndi mmisiri wawo wamkulu, mnyamata wochepa thupi wosalankhula zambiri. Mmisiriyo anawerenga mashawa, anafunsa kuti alendo amasamba nthawi yanji, anakwera kukaona thanki yanga ya pamwamba, anatsegula bokosi la magetsi n'kupukusa mutu ataona mawaya. Anati thanki ya malita 300 ikwana ngati makinawo azitenthetsa kawiri patsiku loji ikadzadza. Pa zimenezo ananena zoona.

Kotesheni inabwera kumapeto kwa Okutobala, K4.6 miliyoni zonse pamodzi ndi kuyika, italembedwa pansi kuti mtengowu ugwira masiku 14. Ndinapereka theka pa 6 Novembala. Pa 9 Novembala kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Mawa lake foni inalira. "Amayi, mwamva zachitikazi? Mtengo uja wasintha, tsopano ndi K6.1 miliyoni." Ndikumvetsa kuti wamalonda amayenera kudzagulanso katundu wina ndi madola okwera, inenso ndimagula sopo ndi mashiti. Koma makina anga ndinali nditawaona ndi maso anga m'nyumba yawo yosungiramo katundu, katoni yake ili mbuu ndi fumbi la miyezi ingapo, ndipo masiku 14 aja anali asanathe. Tinakokana sabata yathunthu mpaka tinagwirizana K5.5 miliyoni. Ndinalipira mtima ukuwawa, pozindikira kuti akandibwezera theka langa lija silikanagulanso kanthu kwina.

Apa ndi pamene nkhani ya msonkho inabwerera. Kuyambira tsiku loyamba, bwana wogulitsa uja nyimbo yake inali imodzi: "Amayi, izi ndi duty free, boma linachotsa msonkho pa zinthu zosamala magetsi, mukugula motchipa." Ine m'mutu mwanga munali $14,000 ya mlongo wanga, ndiye ndinkangogwedeza mutu. N'zoona kuti mu bajeti ya 2019/20 boma linachotsa VAT pa zinthu ngati mapanelo a sola, mabatire ake, ma inverter ndi gasi wophikira. Koma lisiti langa litabwera, pansi pake panali mzere wa VAT, 16.5 peresenti, yonse yathunthu. Ndinapita nalo ku ofesi kwawo.

"Achimwene, paja munati palibe msonkho. Nanga uwu ndi chiyani?"

"Aaa, amayi, duty ndi VAT n'zosiyana. Ine ndinanena duty."

"Chabwino. Ndiye duty imene simunalipireyo ndi ndalama zingati? Ndionetseni pamene mwandichotsera."

Anaseka, n'kuitanitsa Fanta. Anati mapepala a kuchipata amasunga ndi amene amawaombolera katundu, ndipo mtengo umene anandipatsawo ndi wochotseratu kale. Ndinamwa Fantayo n'kubwerera.

Kuti duty ndi VAT n'zosiyana, sananame. Koma ndinatuluka muofesimo nditamvetsa chinthu chimene ndimafuna aliyense wogula zinthu zotere achidziwe. Kuno kwathu msonkho ukachotsedwa, umachotsedwa kuchipata, ku Mwanza, ku Dedza kapena ku Songwe, m'dzina la wolowetsa katundu. Kuti phindulo lifike kwa iwe wogula zimadalira mtima wa wamalondayo ndi kuchuluka kwa opikisana naye. Pa mapanelo, pomwe shopu iliyonse mu Area 2 ikugulitsa, ukhoza kuyenda n'kufananiza mitengo. Pa heat pump, pomwe ogulitsa ungawawerenge ndi zala za dzanja limodzi, ulibe pogwira. Mlongo wanga ali ndi fomu yokhala ndi dzina lake ndi nambala yake. Ine ndili ndi mawu a pakamwa ndi Fanta. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Munthu akakuuzani kuti duty free, musasangalale kapena kukwiya, ingoyang'anani nambala yomaliza pansi pa pepalalo, ndi yokhayo imene ikukukhudzani. Chimodzi chimene ndingawayamikire n'chakuti lisitilo linali lenileni la makina a MRA, osati lolemba pamanja.

Tsiku loyika anati afika 8 koloko Loweruka, anafika cha m'ma 11, atatu, opanda makwerero. Tinakabwereka kwa aneba. Mlonda wathu, amene anali atachezera usiku wonse, anasanduka wonyamula katundu. Mmisiri wochepa thupi uja anagwira mbali ya magetsi, ndipo ntchito yake mpaka lero ndimaonetsa anthu: breaker yakeyake, waya wa earth wokhomeredwa bwino pansi, kachipangizo koteteza kompresa magetsi akabwera mwamphamvu kapena mofooka, ngati kaja timayika pa firiji. Kachipangizo kameneko anachita kundikakamiza kugula, ine ndikunyinyirika, ndipo ndi kamene kasunga makinawa m'kuthimathima konseku.

Mbali ya mapaipi ndiye anaipereka kwa pulambala amene ndinazindikira pambuyo pake kuti sanali wawo, anangomutola m'mawa womwewo kuti agwire ganyu. Munthuyo anali ndi phuma ngati wasiya mphika pamoto. Pofika 4 koloko madzi otentha anali akutuluka m'mashawa onse, tinaombera m'manja, ndinawaphikira nsima ya nkhuku ya lokolo. Sindinadziwe kuti chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere.

Nyerere yoyamba inatuluka mu Januwale 2024. Usiku wina madzi a mumpopi anasiya, monga zimachitikira kuno, ndipo ine sindinade nkhawa poti thanki yotentha inali yodzadza madzulo. Hafu pasiti faifi m'mawa ndinamva kugogoda. Kutsegula, ndi bambo wina wa ku Karonga, mkulu ndithu wa bungwe lake, atamanga thaulo m'chiuno, thovu la sopo likuuma m'khutu. Sanakalipe. Anangoti, "Mama, shawa yangotsokomola kawiri n'kusiya." Ndinathamangira kuseri ndi tochi ya pafoni. Pa makinapo panali kanambala kofiira kakuphethira, thanki ndikaigogoda ikulira ngati ng'oma. Malita 300 a madzi otentha, amene ndinalipirira mayunitsi, anali atabwerera m'mbuyo kudzera mupaipi yolowera, n'kutsikira kumene madzi a mumsewu anathawira. Pulambala uja anali atalumikiza thankiyo molunjika ku paipi ya mumsewu, osati ku thanki yanga ya pamwamba, komanso sanayike valavu yoletsa madzi kubwerera. Mlonda anayatsa mbaula, mkulu uja anamalizira kusamba ndi kakapu, ndipo ine ndinamuchotsera mtengo wa usiku umenewo. Mwamwayi makinawa amadzizimitsa okha akasowa madzi, apo ayi bwenzi kompresa itapita.

Apa ndi pamene ndinadziwira kampaniyo bwinobwino. Asanalandire ndalama foni yawo inkayankhidwa isanalire kawiri. Tsopano uthenga wa pa WhatsApp unkawerengedwa, timizere tiwiri n'kusanduka tobiriwira, koma zii. Ukaimba, "Tikubwera amayi, tili pa Area 18." Area 18 ndi pano ndi mphindi khumi, koma iwo anayenda masiku asanu ndi anayi. Tsiku lachitatu ndinatopa, ndinakwera minibasi kupita ku Malangalanga, ndinagula valavu ya mkuwa K18,000, n'kuitana pulambala wachikulire amene amatikonzera zimbudzi. Anasintha malumikizidwewo pa maola awiri. A kampani atafika n'kupeza zakonzedwa, choyamba kutuluka pakamwa pa bwana uja chinali chakuti waranti ikhoza kutha chifukwa wagwirapo munthu wina. Ndinamuyang'ana mpaka anayang'ana pansi. Mmisiri wochepa thupi uja anazungulira kuona ntchito ya mdala wanga, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Umu ndi mmene zimayenera kukhalira poyamba." Nkhani ya waranti inathera pomwepo.

Nyerere yachiwiri inadikira Juni. Mapaipi a madzi otentha, mamita ngati khumi ndi asanu kuseri kwa nyumba, anangowasiya pamtunda osawakuta. Chipinda chakumapeto chinkataya chidebe chathunthu cha madzi ozizira otentha asanafike, ndipo ofikawo anali ofunda chabe. Zokutira zake ndi timachubu ta siponji takuda totchipa, ndinagula ndekha, mlonda n'kumangirira ndi mawaya. Yachitatu ndi malo. Makinawa ali ndi fani, ndipo anawakhazika pansi pa windo la chipinda nambala 4. Phokoso lake si lalikulu, ndi kung'ung'udza ngati firiji yaikulu ya mugolosale, koma 3 koloko usiku, Area 47 yonse ili chete, mlendo amalimva. Mayi wina anandifunsa m'mawa ngati kuseri kuli chigayo.

Vuto la phokosoli linandiphunzitsa chinthu chimene a kampani akanandiuza tsiku loyamba. Injiniya wa kumpingo uja atabwera kudzaona, anatsegula timer n'kupeza kuti inasiyidwa kuti makina aziyaka nthawi iliyonse madzi akazizira, kutanthauza kuti ankalimbana kwambiri m'bandakucha, nthawi imene mpweya uli wozizira kuposa nthawi ina iliyonse. Anaisintha kuti aziyaka kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 3 koloko masana, kenako pang'ono madzulo alendo akasamba, n'kuzima 9 koloko. Phokoso la usiku linatha, mayunitsi nawo anatsika. Anandiyikiranso kuti kamodzi pasabata madzi azifika madigiri 60, kupha tizilombo timene timakonda kuswana m'madzi ofunda.

Tsopano za makina enieniwo, chifukwa sindikufuna kuti mkwiyo wanga pa anthu ugwere chitsulo chosalakwa. Ndili ndi kope la sukulu mmene ndimalemba mita m'mawa uliwonse, chizolowezi cha ku Capital Hill sichitha. Kutenthetsa malita 300 kuchoka pa madigiri 20 kufika 55 ndi elementi kumadya mayunitsi pafupifupi 12, zimenezo ndi masamu, sizisintha. Heat pump yanga imachita ntchito yomweyo ndi mayunitsi atatu ndi theka mu Okutobala, ndipo mu Julayi, chiperoni chikakuta, imafika asanu. Loji ikadzadza, magiza akale aja ankanditengera mayunitsi 18 mpaka 20 patsiku. Lero ndi 6 mpaka 9. Mtengo wa magetsi wakwera kangapo chiyikireni makinawa, ndipo ulendo uliwonse ukakwera ndimayang'ana kuseri n'kuwakhululukira pang'ono anthu aja.

Ubwino wina umene sindinauyembekezere ndi wakuti makinawa amakoka magetsi ochepa nthawi imodzi, pafupifupi 1 kW, pomwe magiza awiri aja ankakoka 6. Chaka chatha nditayika mapanelo ndi inverter, zinatheka kuwalumikiza, moti masana magetsi akathima madzi amatenthabe ndi dzuwa. Giza ya elementi ikanagwetsa inverter yanga nthawi yomweyo.

Zofooka zake zilipo. Ndi a pang'onopang'ono, thanki yozizira imatenga maola atatu ndi theka kapena anayi. Gulu likafika madzulo kuchokera kumudzi, onse fumbi lokhalokha, n'kusamba motsatizana, wachisanu ndi chimodzi amapeza ofunda. Ndinayika timapepala m'mabafa topempha kuti asachedwemo, koma alendo ena amachapiramo ndi masokosi omwe. Fumbi la Ogasiti ndi Seputembala limatseka tizitsulo ta kumbuyo kwa fani, maluwa a jakaranda nawo amadzazamo mu Okutobala, ndiye pamafunika kupukuta ndi burashi yofewa mwezi uliwonse. Palibe anandiuza zimenezi, ndinangoona mayunitsi akukwera mu kope langa. Makinawa amadonthanso madzi pansi akamagwira ntchito. Poyamba ndinkayesa akutha, koma ndi chinyezi cha mumpweya, ndipo mlonda anatcherapo chigubu n'kumathirira tsabola wake. Kutsogolo kwa fani kumatuluka kamphepo kozizira, moti m'nyengo yotentha atsikana ochapa amaunjikapo kireti ya zakumwa, iwo n'kukhala pomwepo kusenda mbatata.

Anzanga a kumpingo amandifunsa ngati nawo agule. Wa banja la anthu asanu ku Area 25 kapena ku Area 49 ndimamuuza kuti asavutike, agule giza ya sola ya machubu a galasi ija yoyika padenga. Ilibe kompresa, ilibe fani, sifuna magetsi, amisiri oidziwa ali paliponse, ndipo masiku ochepa a mitambo banja likhoza kupirira. Heat pump ndi ya ife amene sitingauze mlendo kuti pepani, dzulo kunalibe dzuwa: maloji, zipatala zing'onozing'ono, malo ogona ana asukulu. Wotereyo agule ndithu, koma asanapereke tambala awauze alembe papepala kuti mtengo sudzasintha akalandira theka, kuti mapaipi adzayika ndani, kuti valavu yoletsa madzi kubwerera ndi zokutira mapaipi zili m'kati mwa mtengowo, ndiponso afunse kuona chiphaso cha MERA cha amene agwire magetsi. Asungeko kagawo ka ndalama mpaka patadutsa mwezi, madzi atasiyapo kamodzi, magetsi atathimapo kangapo. Ine ndinalipira zonse tsiku la nsima ya nkhuku lija, ndipo safunsa anadya phula. Makinawo ndikanawapatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Kampaniyo ziwiri, ndipo imodzi mwa ziwirizo ndi ya mnyamata wochepa thupi uja payekha.

Mlongo wanga anabwera Disembala wapitayu. Tsiku lachiwiri anapempha kuona "geothermal ya achemwali". Ndinamutengera kuseri. Anayang'ana bokosilo, anayang'ana pansi, anazungulira kufunafuna pamene mapaipi alowera munthaka, n'kupeza chigubu cha mlonda ndi tsabola. "Ndiye munakumba mamita angati?" Ndinamuuza kuti anayi, a ngalande ya madzi a mvula. Anaseka mpaka kukhala pa kireti ya atsikana ija. Kenako anafunsa kuti boma linandibwezera zingati, ndiye ndinalowa m'nyumba n'kumutengera lisiti lija kuti awerenge yekha mzere wa pansi.

Mmisiri uja anasiya ntchito kukampani kuja chaka chatha, pano akuyenda payekha ndi chikwama cha zida pa kabaza wa njinga yamoto. Ndi amene amandisamalira makinawa tsopano, ndipo akati 9 koloko amafika 9 koloko. Akubwera Loweruka likubwerali kudzasintha kachitsulo ka m'kati mwa thanki kamene kamadyeka kuti thankiyo isachite dzimbiri. Dzulo anatumiza uthenga kuti ndimuuziretu aneba za makwerero.